Kafukufuku wa ophunzira chemistry asamadikire chaka chomaliza

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhulepo pa nkhani imene ili pamtima pathu ife ophunzitsa chemistry m'masukulu a ukachenjede. Nkhaniyi ndi ya kafukufuku amene ophunzira a digiri yoyamba amachita, makamaka iwo amene akufuna digiri ya honours. M'mayunivesite ambiri ntchito imeneyi imakankhidwira kumapeto kwenikweni, wophunzira n'kupatsidwa mutu pamene kwangotsala miyezi inayi kuti atuluke, kenako n'kumayembekezera kuti abweretsa zotsatira zooneka bwino. Zimene zimatuluka pamenepo ndi lipoti lokutidwa bwino, lokhala ndi manambala amene ngakhale mwiniwake sangawaikire kumbuyo. Ife tikuti kafukufuku aziyamba msanga, funso lake lizikhala laling'ono, ndipo wophunzira aziyesedwa poona ngati manambala ake ndi odalirika.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Mu practical ya mlungu ndi mlungu, njira inalembedwa kale, makemikolo anakonzedwa kale ndi akatswiri a mu labotale, ndipo yankho mphunzitsi ali nalo m'thumba. Maola atatu akatha wophunzira amatsuka ziwiya n'kumapita. Pa kafukufuku palibe amene ali ndi yankho, ngakhale woyang'anira amene. Solution aliyense wophunzira amadzikonzera yekha, makina amawatchera yekha, ndipo zikakanika palibe benchi yoyandikana nayo yoti akaonereko. Wophunzira amene amakhoza bwino mayeso olemba amatha kuzingwa pamenepa, pomwe mnzake wa magiredi apakatikati koma wa manja odekha amapita patsogolo. N'chifukwa chake sitigwirizana ndi mchitidwe wotsekera khomo la kafukufuku aliyense amene sanafike pa giredi inayake m'chaka choyamba.

Dzina loti honours limatanthauza zosiyana malinga ndi dziko. Ku South Africa ndi ku Australia, munthu amatenga BSc ya zaka zitatu, kenako amene wachita bwino amawonjezera chaka chimodzi cha honours, chimene gawo lake lalikulu ndi kafukufuku. Ku Scotland digiri ya honours ndi ya zaka zinayi. Ku England mawuwa amasonyezanso mulingo wa kakhozedwe, ndipo gulu loyamba nthawi zambiri limayambira pa 70 peresenti. Ku Oxford, ophunzira chemistry amathera chaka chonse chachinayi mu labotale pa kafukufuku mmodzi. Ku America kawirikawiri honours imadza ndi magiredi apamwamba pamodzi ndi thesis, lipoti lalikulu la kafukufuku, imene wophunzira amaiteteza pamaso pa aphunzitsi. Kumeneko yunivesite ya Massachusetts Institute of Technology (MIT) inakhazikitsa ndondomeko yolowetsa ophunzira a digiri yoyamba m'kafukufuku mu 1969, ndipo bungwe la National Science Foundation linayamba mu 1987 kulipirira ophunzira kuti azichita kafukufuku wa milungu pafupifupi 10 pa tchuthi chachikulu. Mayina ndi zaka n'zosiyana, koma paliponse pamene ndondomekoyi ikuyenda bwino, wophunzira amapatsidwa nthawi yaitali ndithu yokhala ndi funso limodzi.

Ena amakayika ngati wachinyamata wosamaliza sukulu angatulukire kanthu. William Perkin anali ndi zaka 18 mu 1856, akuphunzira kwa August Wilhelm von Hofmann ku London, pamene anayesa kupanga quinine n'kulephera, koma m'zotsalira zakuda za m'botolo lake anapezamo utoto wa mauveine. Charles Martin Hall anayamba kulimbana ndi funso la kapangidwe ka aluminium ali wophunzira ku Oberlin College pansi pa Frank Jewett, ndipo anapambana mu February 1886, patangopita miyezi yochepa atamaliza digiri. Sitikunena kuti wophunzira aliyense adzachita zoterezi. Chimene tikuonapo pa awiriwa n'chakuti onse anali ndi mphunzitsi pafupi, ndipo anali atazolowera kale kugwira ziwiya mwayi usanawapeze.

M'mera mpoyamba. Nthawi yabwino yogogoda pakhomo la labotale ndi pakati pa chaka chachiwiri, wophunzira atadutsa kale maphunziro oyambirira a analytical ndi organic chemistry. Asanalembere mphunzitsi aliyense, awerenge mapepala awiri kapena atatu amene mphunzitsiyo anasindikiza posachedwa. Sadzamva zonse, ndipo zimenezo si vuto. Awerenge chidule cha pepalalo, aone zithunzi ndi matebulo, kenako apite pa gawo la njira kuti adziwe ntchito imene manja amagwira tsiku ndi tsiku m'gululo. Kalata yake ikhale yaifupi: iye ndani, wamaliza maphunziro ati, chamukopa n'chiyani m'pepala limene wawerenga, ndipo ali ndi maola angati pa mlungu. Kalata imodzi yotumizidwa kwa aphunzitsi khumi nthawi imodzi imadziwika msanga ndipo siyankhidwa. Akaitanidwa, afunse mosaopa mafunso awa: ndani adzandiyang'anire tsiku ndi tsiku, tidzakumana kangati, makina amene ntchitoyi ikufuna akugwira ntchito lero lino kapena akudikira kukonzedwa, makemikolo alipo kale pashelefu kapena ayenera kuitanitsidwa? Funso la makina ndi makemikolo ndilo limagwetsa mapulojekiti ambiri. Kemikolo yoitanitsa kunja ikhoza kutenga miyezi, ndipo wophunzira wa chaka chomaliza miyezi imeneyo alibe.

Za maola tinene mosabisa. Kafukufuku wa chemistry safuna nthawi yodukaduka. Ola limodzi pakati pa makalasi awiri limangokwanira kuvala koti, kutsuka ziwiya ndi kuziumitsa. Pamafunika maola 8 mpaka 12 pa mlungu, ogawidwa m'zigawo za maola anayi kapena kuposerapo, chifukwa column, ntchito yolekanitsa makemikolo powadutsitsa m'chubu chodzaza silica, ukaiyamba sungaisiye pakati, ndipo utoto wa sampulo ukakhwima uyenera kuwerengedwa nthawi yake isanadutse. Amene akukonza ndandanda ya makalasi a chaka chachitatu ndi chachinayi azisiya masana awiri athunthu opanda kalasi. Popanda zimenezi, zonse zimene tikunena pano sizingatheke.

Tsopano funso la kafukufuku. Woyamba kumene amakonda mitu ikuluikulu, monga kupeza mankhwala a matenda enaake kuchokera ku zomera, kapena kuthetsa kuipitsidwa kwa madzi. Mutu wotere sutha m'chaka chimodzi, ndipo umamusiya wophunzira osadziwa pogwira. Funso labwino limatchula chinthu chimodzi choyeza, njira imodzi, ndi chinthu chimodzi chimene chizisinthidwa. Mwachitsanzo: kodi kuchuluka kwa ayironi m'sampulo ya madzi kumasintha bwanji sampuloyo ikasungidwa masiku 1, 3, 7 ndi 14, ina itathiridwa asidi, ina osathira? Funso lotere limaoneka lonyozeka, koma m'kati mwake muli pafupifupi luso lonse limene katswiri wa analytical chemistry amafunika kukhala nalo. Tiloleni tiliyende pang'onopang'ono kuti owerenga aone pamene zinthu zimalakwikira.

Ayironi amayezedwa mosavuta ndi 1,10-phenanthroline, imene ikagwirana ndi ayironi wa Fe2+ imapereka utoto wofiirira ngati lalanje, wowerengedwa pa 510 nm ndi spectrophotometer, makina oyeza kuwala kumene utoto wayamwa. Popeza ayironi wina m'madzi amakhala wa Fe3+, poyamba timathira hydroxylamine kuti yense asanduke Fe2+, kenako buffer ya acetate kuti pH ikhazikike, kenako phenanthroline, n'kudikira mphindi 10 mpaka 15 kuti utoto ukhwime. Woiwala hydroxylamine amapeza ayironi wochepa kuposa amene alipo, ndipo makina sadzamuuza kuti walakwitsa. Ma standard, amene ndi ma solution a ayironi wodziwika kuchuluka kwake oyerekezera nawo sampulo, amakonzedwa kuchokera ku solution ya 1000 mg/L. Musayese kutunga kadontho ka 0.05 mL kuti mufike pa 0.5 mg/L kamodzi n'kamodzi, chifukwa kulakwa kwa kadontho kotere n'kwakukulu. Tsitsani m'magawo: 10 mL mu volumetric flask ya 100 mL kuti mupeze 100 mg/L, kenako 10 mL ya imeneyo mu flask ina ya 100 mL kuti mupeze 10 mg/L. Kuchokera apa, 5, 10, 20, 30 ndi 50 mL mu ma flask a 100 mL zimapereka 0.5, 1, 2, 3 ndi 5 mg/L. Mu cuvette (kabotolo koika m'makina) ya 1 cm, 1 mg/L ya ayironi imapereka absorbance (muyeso wa kuwala koyamwidwa) ya pafupifupi 0.2, choncho ma standard asanuwa amagwera pakati pa 0.1 ndi 1.0, pamene makina ambiri amawerenga mokhulupirika. Sampulo ikapitirira standard yapamwamba kwambiri, isungunulidwe n'kuyezedwanso. Kutalikitsa mzere wa calibration, umene umajambulidwa kuchokera ku ma standard aja, kupyola pamene munayeza n'kulosera chabe.

Pali cholakwika chimene timachiona kawirikawiri m'malipoti. Wophunzira amalemba kuti R², nambala yosonyeza mmene miyeso yagwirizanirana ndi mzere, ndi 0.99 n'kukhutira. Nambala imeneyo payokha sinena zambiri, chifukwa mzere wopindika pang'ono kumapeto ukhoza kuperekabe 0.99. Ajambule kusiyana kwa nambala iliyonse yoyezedwa ndi imene mzere ukunena. Ngati kusiyanako kukupanga uta m'malo momwazikana mbali zonse, mzerewo si wowongoka, ndipo standard yapamwamba iyenera kuchotsedwa kapena njira iunikidwenso.

Kenako pali blank, amene ndi madzi oyera odutsitsidwa m'njira yonse imene sampulo yadutsamo, ndi makemikolo onse omwewo, m'ziwiya zomwezo. Ambiri amangothira madzi a distilled mu cuvette, n'kuika makina pa ziro, n'kumati apanga blank. Potero ayironi wochokera m'makemikolo ndi m'ziwiya amawerengeredwa ku sampulo. Pa ntchito ya zitsulo zochepa kwambiri, ziwiya zagalasi zinyikidwe usiku wonse mu nitric acid wa 10 peresenti, kenako zitsukuluzidwe katatu ndi madzi a deionised. Amene akuyeza phosphate achenjere ndi sopo wotsukira ziwiya, chifukwa sopo wina ali ndi phosphate yemweyo ndipo amasiya zotsalira pagalasi. Blank akonzedwe kasanu ndi kawiri kapena kakhumi, ndipo standard deviation yake ichulukitsidwe katatu n'kugawidwa ndi slope ya mzere kuti mupeze malire a zimene njirayo ingathe kuona. Nambala iliyonse yogwera pansi pa malire amenewa isalembedwe ngati chotsatira, ndipo isalembedwenso kuti ziro. Ilembedwe kuti ili pansi pa malire.

Kubwereza katatu nakonso kumamveka molakwika. Kuika cuvette yomweyo m'makina katatu kumangosonyeza kuti makinawo sakugwedezeka. Kubwereza kwenikweni n'kutunga magawo atatu a sampulo, lililonse n'kulikonza palokha kuyambira pachiyambi. Ndipo kuti mudziwe ngati zina za m'sampulo sizikusokoneza utoto, tengani gawo lachinayi, muthiremo ayironi wodziwika kuchuluka kwake, muone ngati mwamupezanso. Kupezanso 90 mpaka 110 peresenti n'kolimbikitsa. Kupeza 60 peresenti kukutanthauza kuti manambala ena onse a tsikulo ali ndi funso. Wophunzira amene wachita zonsezi pa funso laling'ono lija amatuluka ali wokhoza kulowa mu labotale iliyonse yoyeza madzi, mankhwala kapena miyala, n'kudaliridwa kuyambira mlungu woyamba.

Chitsanzo china chachifupi ndi sodium hydroxide. Munthu sangayeze timibulu take pasikelo n'kunena kuti wapanga 0.1000 M, chifukwa timayamwa chinyezi ndi carbon dioxide za mumpweya tili pasikelo pomwepo. Mphamvu yake yeniyeni imapezeka poiyesa ndi potassium hydrogen phthalate, youmitsidwa maola awiri pa madigiri 110 n'kuziziritsidwa mu desiccator. Magalamu 0.5 a mcherewu amafuna pafupifupi 24.5 mL ya sodium hydroxide wa 0.1 M, ndipo ma titration atatu, kutanthauza maulendo atatu a kuyesaku, agwirizane mosapitirira 0.1 mL. Botolo likakhala milungu ingapo liyesedwenso. Ma thesis ambiri amaima pa solution imene inakonzedwa kamodzi kumayambiriro kwa chaka osaunikidwanso.

Amene asankha kupanga makemikolo atsopano ali ndi misampha yawo. Woyamba ndi masamu a zokolola, kutanthauza kuchuluka kwa chinthu chimene chapezeka poyerekeza ndi chimene chikanapezeka zonse zikanayenda. Ngati njira ili ndi masitepe asanu, lililonse lopereka 70 peresenti, chotsala pamapeto ndi pafupifupi 17 peresenti basi, ndipo woyamba kumene sapeza 70 pa ulendo woyamba. Pulojekiti ya honours isapitirire masitepe atatu kapena anayi, ndipo sitepe yoyamba ikhale imene ena m'gululo anaichitapo kale bwinobwino. Zokolola zikapitirira 100 peresenti, palibe chozizwitsa chimene chachitika: chinthucho sichinaume kapena chili ndi zotsalira. Chiumitsidwe mpaka kulemera kwake kusiye kusintha pa miyeso iwiri yotsatizana. Reaction ya Grignard, imene imaphatikiza magnesium ndi kemikolo yotchedwa halide mu ether, ikakana kuyamba, chifukwa chake nthawi zambiri ndi madzi, kaya pagalasi kapena mu ether, apo ayi ndi chikuto cha oxide pa magnesium. Ziwiya zigone mu uvuni pa madigiri 120, zilumikizidwe zikadali zotentha n'kuzizira pansi pa nitrogen, ndipo kachidutswa ka iodine kamathandiza kudzutsa magnesium. Choopsa n'chakuti wophunzira akaona kuti sizikuyamba amangothirabe halide yambiri, kenako zonse zimayamba kamodzi, ether n'kuwira mpaka kusefukira. Athire pang'ono, adikire mpaka aone kutentha ndi kuchita mbuu, ndiye apitirize dontho ndi dontho.

Pa column chromatography, ntchito yeniyeni imachitikira pa mbale ya TLC, kambale kopakidwa silica koyeserapo kulekanitsako, column isanadzazidwe. Sakanizani ma solvent mpaka chinthu chimene mukuchifuna chikhale ndi Rf (mtunda umene dontho lake layenda pambale poyerekeza ndi wa solvent) ya pafupifupi 0.3. Silica ikhale yolemera kuwirikiza 30 mpaka 50 kuposa sampulo, ndipo yochulukirapo ngati madontho ali oyandikana. Sampulo ilowe mu solvent yochepa kwambiri, ndipo pamwamba pa silica pasaume ngakhale kamphindi, chifukwa ikang'ambika zinthu zimatsika mosakanikirana. Pa NMR, makina oonetsa kapangidwe ka molekyulu ngati nsonga pa chithunzi, mamiligalamu 5 mpaka 10 a sampulo mu 0.6 mL ya solvent ya CDCl3 amakwanira. Wophunzira aloweze nsonga zimene si zake: 7.26 ppm ndi chloroform, pafupi ndi 1.56 ndi madzi, 2.17 ndi acetone wotsukira chubu, ndipo 4.12, 2.05 ndi 1.26 zikaonekera pamodzi ndi ethyl acetate wa mu column. Wosadziwa manambala amenewa amatha mlungu wathunthu akuyesa kupeza malo a nsonga ya acetone m'kapangidwe ka molekyulu yake.

Zonsezi zimakumana m'buku la mu labotale, ndipo ife timaliona bukuli kukhala lofunika kuposa thesis imene. Likhale losokedwa, la masamba a manambala, lolembedwa ndi inki, tsiku lililonse ndi deti lake. Kulemera kulembedwe pomwepo pasikelo, monga mmene sikelo yanenera, osati pa kapepala kapena pa golovesi kuti kakoperedwe madzulo. Ngati njira ikuti 1.00 g koma mwayeza 1.037 g, lembani 1.037 g. Cholakwika chidulidwe ndi mzere umodzi kuti chiziwerengekabe, tsamba lisang'ambidwe. Botolo lililonse, chubu chilichonse ndi fayilo iliyonse ya pa kompyuta zikhale ndi dzina lolozera ku tsamba la bukulo, monga zilembo zoyamba za dzina, nambala ya buku ndi nambala ya tsamba. Zimene maso aona zilembedwenso: utoto unasintha liti, zinatentha kapena ayi, botolo la kemikolo linali latsopano kapena lakale. Miyezi isanu ikadutsa, reaction imene inkayenda ikayamba kukana, ndi timawu totere timene timaulula kuti botolo la solvent linasinthidwa. Mafayilo a m'makina asungidwe m'malo awiri osiyana tsiku lomwelo, osasinthidwa kanthu.

Sitingalembe za kafukufuku osanena za ngozi, chifukwa pamene wophunzira wasiya practical yokonzedwa kale ndi pamene ngozi imayandikira. Mu August 1996, Karen Wetterhahn, pulofesa wa ku Dartmouth College amene anali katswiri wa zitsulo zapoizoni, anadonthezera timadontho ta dimethylmercury pa golovesi ya latex. Poizoniyo anadutsa golovesiyo m'kanthawi kochepa, ndipo mayiyu anamwalira mu June 1997. Golovesi iliyonse ili ndi makemikolo amene imatchinga ndi ena amene siingatchinge, ndipo izi zimafufuzidwa ntchito isanayambe. Mu January 2010, ku Texas Tech University, wophunzira wa digiri yapamwamba anapanga pafupifupi magalamu 10 a kemikolo yophulika pamene malire anali mamiligalamu 100. Inaphulika akuipera, ndipo anataya zala zitatu. Kuchulukitsa reaction kumasintha khalidwe lake, chifukwa kutentha kumachuluka msanga kuposa mmene khoma la botolo lingakutulutsire. Wophunzira asachulukitse kanthu popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ngakhale ataloledwa asadumphe kuposa kuwirikiza katatu pa ulendo umodzi. Pepala la chitetezo la kemikolo iliyonse liwerengedwe, ndipo ngozi zimene zingachitike zilembedwe n'kusainidwa ndi woyang'anira. Nitric acid asathiridwe m'botolo la zinyalala za ma solvent, chifukwa mpweya umadzaza ndipo botolo limaphulika patapita maola, pamene wothirayo anachoka kale ndipo pafupi pali wina. Botolo la solvent ya ether kapena THF lilembedwe deti limene linatsegulidwa, chifukwa ma peroxide, amene amatha kuphulika, amaunjikana m'menemo. Ndipo wophunzira wa digiri yoyamba asagwire ntchito yekha mu labotale, kaya ndi usiku, kaya ndi Loweruka, kaya thesis yatsala mlungu umodzi.

Kulemba kuyambe mwezi woyamba. Gawo la njira lilembedwe mlungu uliwonse zinthu zikadali m'mutu, mwatsatanetsatane moti munthu wina wodziwa chemistry akhoza kubwereza popanda kufunsa. Zithunzi ndi matebulo zikonzedwe mawu ofotokoza asanalembedwe, chifukwa ndi pojambula pamene munthu amazindikira kuti pali muyeso umene ukusowa, ndipo ndi bwino kuzindikira labotale ikadali yotsegula. Ntchito ya manja iime milungu isanu kapena isanu ndi umodzi tsiku lopereka lisanafike. Nambala iliyonse ikhale ndi muyeso wake ndi kukula kwa chikayiko chake. Kulemba 2.34718 mg/L pamene magawo atatu aja akusiyana ndi 0.1 kumaulula kuti wolembayo wangokopera za pa kakyuleta. Mawu oyamba alembedwe pomaliza, ndipo atchule mapepala okhawo amene wophunzira wawerengadi. Poteteza thesis, mphindi 15 zimakwanira masilaidi 10 kapena 12. Ofunsa amakonda kubwerera ku zinthu zapansi: bwanji munasankha 510 nm, blank wanu munali chiyani, mukanapatsidwa mwezi wina mukanayeza chiyani. Amene anagwiradi ntchito yekha amayankha mafunso amenewa mosavutika.

Tsopano tilankhule ndi anzathu oyang'anira ndi akuluakulu a madipatimenti, chifukwa zambiri mwa zolakwika zimene tatchulazi gwero lake si wophunzira. Mphunzitsi mmodzi sangayang'anire bwino ophunzira khumi ndi asanu a honours kwinaku akuphunzitsa makalasi odzadza. Atatu kapena anayi ndiwo angatheke, ndipo aliyense azikumana naye mlungu uliwonse, ngakhale kwa mphindi 20, buku la mu labotale lili lotsegula patebulo. Pamene ophunzira achuluka, funso limodzi lalikulu ligawidwe kwa anthu anayi, aliyense ndi chigawo chake ndi thesis yake, koma onse akugwiritsa ntchito njira imodzi ndi ma standard ofanana. Akatero amaunikirana, ndipo zotsatira za chaka chino zimakhala poyambira pa a chaka chamawa. Akatswiri a mu labotale, amene nthawi zambiri ndiwo amaphunzitsa wophunzira kugwira pipette ndi kutchera makina, nthawi yawo iwerengedwe monga ntchito yophunzitsa. Wophunzira amene manambala ake alowa m'pepala losindikizidwa dzina lake liikidwe pa olemba, ndipo zimenezi zikambidwe poyera ntchito isanayambe kuti pasadzakhale kudandaula pambuyo.

Chachikulu kwambiri ndi kagawidwe ka malikisi. Pamene malikisi ambiri akupita ku zotsatira zosangalatsa, wophunzira amene reaction yake yakana amakhala pa mayesero aakulu. Amachotsa nambala imene ikusokoneza mzere, amakweza zokolola pang'ono, amabisa maulendo asanu amene analephera n'kuonetsa umodzi umene unayenda. Pamenepo yunivesite yamuphunzitsa chinyengo ndi dzanja lake, ndipo munthu yemweyo mawa ndiye adzasaine chikalata chonena kuti mankhwala ali ndi mphamvu yokwanira kapena kuti madzi alibe lead. Reaction yokana, ikalembedwa bwino ndi zonse zimene zinayesedwa, kutentha kwake, ma solvent ake ndi umboni wa TLC ndi NMR, ndi chotsatira chenicheni, ndipo imapulumutsa wotsatira ku miyezi yobwereza zomwezo. Nambala yooneka yachilendo isachotsedwe pokhapokha pali chifukwa cholembedwa m'buku tsiku lomwelo, monga kutayika kwa sampulo, kapena yayesedwa ndi njira ya masamu ngati ya Grubbs, ndipo kuchotsako kunenedwe mu thesis.

Choncho tikupempha kuti madipatimenti aunikenso mapepala awo ogawira malikisi a honours. Gawo limodzi mwa magawo atatu lipite ku buku la mu labotale ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo bukulo lionedwe ndi mphunzitsi wachiwiri amene sanayang'anire wophunzirayo. Mphunzitsiyo asankhe nambala zitatu mu thesis mwachisawawa, n'kupempha wophunzira kuti azilondole mpaka pa tsamba la buku ndi fayilo ya m'makina pamene zinachokera. Tikupemphanso kuti khomo la labotale litsegulidwe kwa a chaka chachiwiri, ngakhale kwa masana amodzi pa mlungu, kuti azithandiza a chaka chomaliza kukonza ma solution ndi kuyendetsa TLC, ndipo maola amenewa azilembedwa pa chikalata chawo cha maphunziro.

Ndife,
Aphunzitsi a chemistry